Kompyuta Ikakana Kuyaka, Musathamangire Kufomata

(KANYIMBO KOTSEGULIRA)

WOULUTSA: Lero tikamba za kompyuta imene dzulo mwaizimitsa ili bwinobwino, koma lero mwadina batani, zii.

Pulogalamuyi ndi yanu aphunzitsi amene mayeso a teremu ali mu laputopu, inu ophunzira a ku Phalombe TTC, alembi a mipingo, alembi a makopaletivi a nandolo ndi mpendadzuwa, komanso inu anyamata obena nyimbo ndi mafilimu pamsika, amene kompyuta ikagona tsiku limodzi ndiye kuti ndiwo kunyumba kulibe. Amene muli ndi cholembera pafupi, tengani, chifukwa pali mabatani angapo amene nditchule.

Ndinene poyambirira chimene chimandiwawa mtima. Kompyuta zambiri zimene zimakana kuyaka kuno kwathu sizikhala kuti zafa. Koma munthu akangoona mdima pa sikirini amanyamula ulendo kwa mmisiri, mmisiri naye n'kunena mawu amodzi okha: "Tiifomate." Pofika madzulo kompyuta ikuyakadi, koma malikisi a ana a sukulu yonse, kaundula wa mamembala, zithunzi za ukwati, zonse zapita. Chonsecho mwina vuto linali fyuzi ya m'pulagi, kapena fulashi imene inaiwalika pa doko.

Chigayo chikaima, woyendetsa sayamba ndi kumasula mota. Amayamba wayang'ana ngati magetsi alipo, kenako lamba, kenako sefa. Kompyuta nayo poyaka imadutsa m'magawo ake motsatana. Magetsi amalowa. Kenako kapulogalamu kokhala pa bolodi, kotchedwa BIOS, kamafufuza ngati ziwalo zonse zilipo. Kakakhutira, kamafunafuna disiki imene pali Windows. Pomaliza Windows imadzuka. Ntchito yanu ndi kupenya ndi kumvetsera kuti yaimira pati. Mukadziwa pamene yaimira, theka la vuto mwathana nalo kale.

Tiyambe ndi imene yangoti zii: palibe kanyali, palibe fani yozungulira, palibe phokoso lililonse. Apa nkhani ndi magetsi, ndipo ndichedwapo chifukwa ku Phalombe kuno ndi pamene mavuto ambiri amayambira.

Magetsi a ESCOM amayenera kufika m'nyumba pa mphamvu ya mavoti 230. Koma tonse tikudziwa mmene amachitira: kuthima, kubwera ofooka babu n'kumangofiira, kenako kubwera ndi ukali. Mukukumbukira mmene zinalili namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Magetsi akathima kenako n'kubwera mwadzidzidzi, mphindi yoyambayo ndi imene imaotcha machaja. Nyengo ya mvula, mphenzi za m'mphepete mwa phiri la Mulanje ndi la Michesi zimachitanso chimodzimodzi kudzera m'mawaya. Choncho magetsi akathima, zulani pulagi kukhoma. Akabwera, dikirani mphindi zingapo musanalumikize.

Tsono kompyuta yati zii. Tengani chaja ya foni, ilowetseni pa soketi yomweyo. Foni ikapanda kuchaja, kompyuta ilibe mlandu. Ngati mukugwiritsa ntchito ekisitenshoni, ichotseni kaye, mulumikize kukhoma kwenikweni. Ma ekisitenshoni otchipa aja amakhala ndi tiwaya toonda ngati ulusi, ndipo mabowo ake amakhwepa msanga.

Soketi ili bwino? Yang'anani pulagi. Mapulagi athu a mano atatu aja ali ndi fyuzi m'kati, kanthu kakang'ono kooneka ngati kachidutswa ka choko kokhala ndi zitsulo kumapeto. Pamalembedwa 3A, 5A kapena 13A. Ikapsa, gulani ina ya nambala yomweyo. Ndikupemphani, musakulunge fyuzi ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya kapena kuikamo kawaya. Fyuzi imapsa dala kuti kompyuta ndi nyumba yanu zisapse. Njira yachidule yoyesera ndi kubwereka chingwe cha magetsi cha sikirini, chifukwa pa makompyuta ambiri a patebulo chingwe cha magetsi cha sikirini ndi cha bokosi la kompyuta n'zofanana.

Kuseri kwa bokosilo, pafupi ndi polowera chingwe, kumakhala kaswichi kolembedwa 1 ndi 0. Kazikhala pa 1. Ana amakonda kukadina. Ndipo pa makompyuta ena akale, makamaka ochokera ku America, pamakhala kaswichi kena kofiira kolembedwa 115 mbali ina, 230 mbali inayo. Kuno kwathu kazionetsa 230 nthawi zonse. Mukakakankhira pa 115 n'kulumikiza, mumva kuphulika ndi fungo la kupsa, ndipo pamenepo ndiye kuti mwaononga ndithu. Kameneko musakakhudze n'komwe.

Kwa inu a laputopu, wokayikiridwa woyamba ndi chaja. Machaja ambiri ali ndi kanyali. Onani ngati kakuyaka. Gwirani chingwe pamene chimalowa m'kabokosi ndi pamene chimathera kukamwa, chifukwa m'malo awiriwa ndi mmene chimadukira m'kati kunja kukuoneka bwino. Mukabwereka chaja kwa mnzanu, si kuti bola kalowa ayi. Tembenuzani laputopu muwerenge zimene zalembedwa pansi, muyerekeze ndi zolembedwa pa chaja. Ma Dell ndi ma HP ambiri amafuna mavoti 19.5, ma Lenovo ambiri 20. Machaja a Dell ndi HP a kamwa lozungulira ali ndi kasingano pakati. Kakapindika kapena kuthyoka, laputopu ikhoza kukana kuchaja batire ngakhale magetsi akulowa.

Pali kanjira kena kosalira ndalama kamene kamadzutsa malaputopu ambiri. Zulani chaja. Ngati batire ndi yochotseka, ichotseni. Dinani batani loyatsira osalisiya kwa masekondi 30. Kenako lumikizani chaja yokha, batire ili padera, muyatse. Ikayaka, ndiye kuti mwina batire yatha, kapena magetsi otsalira pa bolodi ndi amene anaisokoneza. Koma mukaona kuti batire yafufuma, kiyibodi yatukuka kapena chivundikiro cha pansi chikukana kutsekeka, lekani kuichaja. Batire yotupa imatha kugwira moto. Musaiboole, musaiponye pamoto.

Inu a sola musaiwale kuyang'ana batire yaikulu. M'miyezi ya Juni ndi Julayi chiperoni chikakuta masiku angapo, batire siidzadza. Inveta imalira n'kuzima nthawi yomwe kompyuta ikuyamba kukoka mphamvu, inu n'kumati kompyuta yafa. Laputopu zambiri zimangofuna mawati 45 kapena 65, pamene bokosi la patebulo pamodzi ndi sikirini yake limadya kuposa pamenepo. Dikirani dzuwa liwale, muyesenso masana.

(KANYIMBO)

WOULUTSA: Mukumvera pulogalamu ya kompyuta yokana kuyaka. Tsopano tifike pa ija imene kanyali kakuyaka, fani ikuzungulira, koma sikirini ili bii.

Dinani batani lolembedwa Caps Lock pa kiyibodi. Kanyali kake kakamayaka ndi kuzima pamene mukudina, kawirikawiri ndiye kuti kompyuta ili moyo, vuto lili pa sikirini. Pa ya patebulo, onani chingwe cha sikirini, chija cha mutu wabuluu chokhala ndi zomangira ziwiri, kapena cha HDMI. Chizuleni, muone ngati timano sitinapindike, muchibwezere bwino. Pa laputopu, walitsani tochi ya foni pafupi kwambiri ndi sikirini, chammbali. Mukaona zithunzi zikuoneka mwa chizimezime, nyali ya m'kati mwa sikirini ndi imene yafa. Mafayilo anu onse ali bwino. Ilumikizeni ku TV ndi chingwe cha HDMI, mupitirize ntchito pamene mukusaka ndalama yokonzetsera.

Caps Lock ikapanda kuyankha, tcherani khutu. Makompyuta ambiri akapeza chiwalo chovuta amalira, kapena kuphethira kanyali mobwerezabwereza. Werengani kuti yalira kangati, motalika kapena mofupika, mulembe. Kampani iliyonse ili ndi kawerengedwe kake, choncho kulira katatu pa Dell sikutanthauza chimodzimodzi pa HP. Koma mukamuuza mmisiri dzina la kompyuta ndi kaliridwe kake, mwamufupikitsira ntchito, ndipo mukhoza kufufuza nokha pa intaneti ya pafoni.

Nthawi zambiri wolakwa pamenepa ndi RAM. Ganizirani fumbi la mu Okutobala, ndi mabampu amene kompyuta imakumana nawo itamangidwa kumbuyo kwa kabaza m'misewu yathu ya kumidzi. RAM imasuntha pang'ono, kapena fumbi limalowa pamene imagwirana ndi bolodi. Ngati muli ndi mtima wodekha, iyi mukhoza kukonza nokha pa kompyuta ya patebulo. Zulani pulagi kukhoma kaye. Tsegulani chivundikiro cha m'mbali. Gwirani chitsulo cha bokosilo ndi dzanja, kuti magetsi obisika a m'thupi mwanu achoke. Muona RAM ija, kabolodi kakatali ngati rula yaifupi, kawirikawiri kobiriwira, kataima chilili, kumapeto kwake kuli tizomangira. Kankhirani tizomangirato kunja, kabolodiko katukuka kokha. Kagwireni m'mbali, osati kumano. Mano ake ndi agolide. Apukuteni pang'onopang'ono ndi labala woyera wa pensulo, muchotse nyenyeswa zonse. Pakati pa manowo pali kampata kamene kayenera kugwirizana ndi kachitunda ka m'ngalande yake, ndiye motembenuza sikangalowe. Kanikizani mbali zonse ziwiri mpaka mumve kuti tha! Ngati timabolodi tili tiwiri, yesani kamodzi pakokha, kenako kachiwiriko, mudziwe kamene kadwala.

Muli m'katimo, muone fumbi pa fani. Mupezamonso mwina mphemvu kapena nyerere, chifukwa zimakonda kufunda kwa m'menemo. Chotsani ndi burashi youma ya penti. Madzi ayi. Ndipo kabokosi kachitsulo kamene chingwe cha magetsi chimalowamo musakatsegule zivute zitani. Kamasunga magetsi ngakhale mutazula pulagi, ndipo kakhoza kukuvulazani koopsa.

Kompyuta imene imayaka kwa mphindi zochepa n'kuzima yokha, fani ikulira ngati ikufuna kuuluka, imeneyo yatenthedwa. Laputopu musamaiike pa bulangete kapena pa matiresi, mumatseka mopumira.

Ina imaima n'kulemba kuti mudine F1, tsiku n'kumaonetsa la zaka zapitazo. Kameneko ndi kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, ka nambala CR2032, ka mavoti atatu, kamene kamasunga nthawi. Kompyuta za kaunjika zimafika kuno katatopa kale. Pitani nako kakaleko kwa ogulitsa mabatire a mawotchi, mugule kofanana.

(KANYIMBO)

WOULUTSA: Gawo lachitatu: chizindikiro cha Dell, HP kapena Lenovo chaoneka bwinobwino, kenako pabwera mawu a Chingerezi akuti "No bootable device" kapena "Operating system not found". Kompyuta ikunena kuti yafunafuna Windows koma sinaipeze. Apa ndi pamene anthu ambiri amataya mtima.

Musanachite china chilichonse, zulani fulashi, memori khadi, foni, chilichonse chimene chalumikizidwa, muyatsenso. Inu obena nyimbo, izi zimakuchitikirani kwambiri chifukwa madoko anu sakhala opanda kanthu. Kompyuta imayamba kufuna Windows mu fulashi ya kasitomala, ikaisowa n'kuima.

Zikapitirira, lowani mu BIOS. Mukangodina batani loyatsira, dinani mobwereza F2 ngati ndi Dell, F10 ngati ndi HP, F1 ngati ndi Lenovo ThinkPad. Mmenemo musasinthe zimene simukuzidziwa. Mwangobwera kudzaona ngati dzina la disiki yanu likuoneka. Likaoneka, disiki ilipo, ndipo mwina Windows yokha ndi imene yasokonekera kapena disikiyo yatsika pamndandanda wa zoyambira. Likapanda kuoneka, mwina chingwe chake chakhwepa, mwina disiki yadwala.

Ikani khutu pa kompyuta. Mukamva kuti ke, ke, ke, mobwerezabwereza kuchokera pa hard disk, zimitsani nthawi yomweyo. M'kati mwake muli timbale tozungulira maulendo masauzande pa mphindi imodzi, ndi kamutu kowerenga kamene kamayandama pamwamba pake. Kuyatsa kulikonse kowonjezera kukhoza kukanda pamene pali mafayilo anu. Musaimenye, musaigwedeze. Makompyuta ambiri atsopano ali ndi SSD, imene ilibe chozungulira, ndiye siichenjeza ndi phokoso.

Tsono pali ija imene Windows yayamba kudzuka, timadontho tikuzungulira osatha, kapena yalemba kuti "Preparing Automatic Repair", kapena sikirini yasanduka yabuluu. Kuno kwathu chimayambitsa kawirikawiri ndi kuthima kwa magetsi pamene Windows ikudzikonza, ija imalemba kuti musazimitse. Choyamba ndi kudekha. Kompyuta yakale imatha kutenga ola lathunthu. Ikani pa chaja, kachiteni zina.

Ikakanikabe, pali khomo lakuseri. Yatsani, ndipo chizindikiro cha Windows chikangooneka, dinani batani loyatsira osalisiya mpaka izime. Bwerezani kawiri kapena katatu. Windows 10 ndi Windows 11 zikaona kuti zalephera kudzuka motsatizana, zimatsegula tsamba lokonzera. Pamenepo sankhani Troubleshoot, kenako Advanced options. Yambani ndi Startup Repair. Ikalephera, yesani System Restore, imene imabwezera Windows mmene inalili masiku apitawo osakhudza makalata ndi zithunzi zanu, kapena Uninstall Updates. Palinso Startup Settings: mukadina Restart kenako nambala 4, mulowa mu Safe Mode, mmene Windows imadzuka ndi zofunikira zokhazokha. Mukangolowa mmenemo, ntchito yoyamba si kukonza ayi. Lowetsani fulashi, mukopere mafayilo anu onse ofunika. Kukonza kubwere pambuyo.

Kuti muone mphamvu ya Safe Mode, kumbukirani za pa 19 Julayi 2024. Kampani ya chitetezo cha makompyuta ya CrowdStrike inatumiza fayilo yolakwika, ndipo makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni padziko lonse anakana kuyaka. Ndege zinaima, mabanki ndi zipatala zinasokonekera. Mankhwala ake anali kulowa mu Safe Mode n'kufufuta fayilo imodziyo. Ngati makampani akuluakulu a ku America ndi ku Ulaya anadzutsa makompyuta awo motero, ya pasukulu panu isafomatidwe anthu asanayese n'komwe.

Chenjerani ndi malo olembedwa Reset this PC. Pali zosankha ziwiri, ndipo yolembedwa Remove everything imafufuta zonse. Komanso malaputopu ena atsopano amafunsa nambala ya BitLocker, ya manambala 48. Imeneyo nthawi zambiri imasungidwa mu akaunti ya Microsoft ya amene anayamba kuikonza laputopuyo, kapena ku ofesi imene inakupatsani. Popanda nambalayo ngakhale mmisiri waluso sangatsegule mafayilo, choncho ifufuzeni lero kompyuta ikadali yamoyo, muilembe m'kope.

(KANYIMBO)

WOULUTSA: Sindikunyoza amisiri athu ayi. Ambiri anadziphunzitsa okha, amagwira ntchito ndi zida zochepa, ndipo popanda iwo tikanamakwera basi mpaka ku Limbe pa vuto lililonse. Kufomata n'kwachangu, ndipo nthawi zina n'koyeneradi. Koma mwini mafayilo ndinu, ndiye muyankhule. Mukafika nenani kuti, "Achimwene, kompyutayi ikuyaka mpaka pakuti, yalemba zakuti, inayamba magetsi atathima Lachiwiri. Muli mafayilo ofunika. Musafomate ndisanaone ndi maso anga kuti mwawakopera." Mmisiri wodziwa ntchito akhoza kuchotsa disiki n'kuilumikiza ku kompyuta ina, kapena kuyatsa yanuyo ndi fulashi ya Ubuntu n'kutulutsa mafayilo ngakhale Windows itakanikiratu. Lembaninso kukula kwa RAM ndi disiki yanu musanaisiye, ndipo mugwirizane mtengo ntchito isanayambe. Inunso amisiri amene mukumvera, funsani kasitomala za mafayilo ake musanadine chilichonse. Ambiri sadziwa kuti kufomata n'kufufuta.

Akakuuzani kuti aikamo Windows ina, dziwani kuti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025, ndipo makompyuta ambiri akale sakwanitsa zimene Windows 11 imafuna. Windows 10 ikugwirabe ntchito, koma muzisamala kwambiri ndi mafulashi a anthu ndi zotsitsa pa intaneti.

Nkhani yomaliza ndi ya madzi, ndipo ife a ku Phalombe sitifunika kuuzidwa kuti madzi n'chiyani. Akuluakulu akukumbukira napolo wa mu Malichi 1991, ndipo tonse tinaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Koma ngakhale denga lodontha kapena kapu ya tiyi n'zokwanira. Kompyuta ikanyowa, musaiyatse kuti muone ngati ikugwira. Kuyatsako ndi kumene kumaipha, chifukwa magetsi amadutsa m'madzi n'kuotcha bolodi. Zulani chaja, chotsani batire ngati ikuchotseka, ikakhala laputopu itseguleni ngati buku n'kuivundikira pansalu youma kuti madzi atsike. Musaiyanike pamoto kapena padzuwa la phwee, ndipo kuikwirira mu mpunga sikuchotsa madzi a pansi pa bolodi. Ngati ndi madzi a matope kapena tiyi wa shuga, ipititseni kwa mmisiri msanga aitsegule ndi kuitsuka ndi sipiriti woyenera dzimbiri lisanayambe. Ikakhala kuti bolodi yapsa, mufunseni akuchotsereni disiki mupite nayo kunyumba, chifukwa kawirikawiri mafayilo amakhala akadalimo.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Sabata yamawa tidzakamba za mavairasi a mu fulashi, aja amabisa mafoda n'kusiya ma shortcut okhaokha.

(KANYIMBO KOTSEKERA)